Njinga ya mwana wasukulu: tisathamangire kupepuka



Teremu ino pamalo oimika njinga pachuluka zakaunjika za felemu ya aluminiyamu. Anyamata amazinyamula ndi dzanja limodzi, anzawo n'kumasirira. Ife aphunzitsi maganizo athu ndi ena: mwana wobwera kusukulu tsiku ndi tsiku, kenako kumadrasa masana, mugulireni ya chitsulo.

Zoona, aluminiyamu ndi wopepuka. Mukatenga zidutswa zofanana kukula, chachitsulo chimalemera pafupifupi katatu. Koma aluminiyamu ndi wofewerapo, choncho opanga amanenepetsa mapaipi kuti felemu isamawete. N'chifukwa chake njingazi zimamveka zouma. Pa tala zimathamanga bwino, pokhota zimamvera msanga, koma pa msewu wafumbi wa mabampu msana ndi mikono ndi zomwe zimalipira. Chitsulo chimagonjerako pang'ono. Komabe tinene chilungamo, matayala aakulu osapopa mopitirira ndiponso chishalo chabwino zimathandiza kuposa mtundu wa felemu.

Nkhani yaikulu ili pa tsiku lomwe felemu yathyoka. Yachitsulo, wowotcherera aliyense wa pamsika amailumikiza, mawa mwana ali m'kalasi. Ya aluminiyamu imafuna makina apadera a mpweya wa argon, omwe kumudzi sapezeka wamba. Mwana amayamba kuyenda pansi, kuchedwa, kujomba, mwinanso swala ya Dhuhr kumupeza ali m'njira. Ndalama ija, imene mwina inachokera ku mpunga wa chaka chonse, yagona kuseri kwa nyumba. M'kalasi timaphunzitsa za israaf, ndipo ana amaganiza kuti ndi nkhani ya chakudya chokha.

Za kaboni tisatayirepo nthawi. Ndi za mipikisano ngati Tour de France, komwe lamulo limati njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Ikang'aluka, iwalani. Yerekezani ndi njinga ya Buffalo, yachitsulo, yomwe kaliyala wake anapangidwira kunyamula makilogalamu 100. Akabaza sanalakwitse posankha chitsulo.

Chitsulo chili ndi vuto lake, dzimbiri. Isagone pamvula, ndipo penti ikasupuka pakanipo ina.

Makolo a atsikana, yang'anani felemu yotsika pakati, yopanda mtanda wapamwamba, kuti mwana akwere ndi kutsika mosavutika atavala chovala chake chachitali. Ndipo pokagula pitani naye akayese. Njinga yomukulira imavuta kuwongolera mumchenga, kaya ndi yachitsulo kaya ya aluminiyamu.