Ma workshop a kunyanja atikwana, za chakudya cha mwana aphunzire pa intaneti

Amangwetu, tiyeni tipumeko kaye pa za zipani tikambe za phala la mwana. Nazonso ndi ndale ndithu.

Kuno ku Shawlands, kum'mwera kwa Glasgow, mayi woyembekezera kapena wa mwana wosakwana zaka 3 amene amalandira thandizo la boma atha kupatsidwa khadi ya Best Start Foods. Inayamba mu 2019, ndipo amagulira mkaka, mazira, nyemba, zipatso ndi masamba. Mavitamini a amayi oyembekezera ndi aulere kuyambira 2017. Koma khadiyo siibwera yokha pakhomo, umachita kufunsira. Ndiye mlongo wathu wa ku Ndirande kapena ku Chipata, amene akuopa kuti akapempha cha boma visa yake ivuta, adziwa bwanji ngati akuyenera kapena ayi? Amadalira mzamba, health visitor, kapena GP, dokotala wa banja uja amene amakuona mphindi 10 basi.

Apa mpamene maphunziro a pa intaneti amagwira ntchito. Malamulo amasinthasintha. Mu February 2024 boma la Scotland linachotsa malire a ndalama pa Best Start Foods, mabanja ambiri nkulowa. Dokotala amene anamva za khadiyi mu 2019 osamvanso akubwezabe anthu ndi uphungu wakale. Palinso nkhani ya ife akhungu lakuda: dzuwa la kuno kuyambira October mpaka March silithandiza thupi kupanga vitamin D, ndipo mwana akaisowa miyendo imachita matewe. GP akumbutsidwe zimenezi. Kuno amamuunika chaka ndi chaka, ife anamwino NMC imafuna maola 35 a maphunziro pa zaka 3 zilizonse, ndipo NHS ya ku Scotland ili ndi Turas, pamene umalowa usiku ukaweruka nkuphunzira. Palibe alawansi, palibe hotela.

Tsono kwathu bwanji? Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Madokotala a banja enieni ndi ochepa zedi, poti College of Medicine inayamba kuwaphunzitsa ku Mangochi mu 2015 chabe. Dokotala wa banja wa mayi wa kumudzi ndi clinical officer kapena medical assistant wa pa health centre. Iyeyo ndiye ayenera kudziwa kuyeza mkono wa mwana, kuti uyu ndi wa chiponde, uyu wa Likuni Phala, uyu wotupa mapazi ndiponso sakudya apite msanga ku NRU, ndiponso chomuuza mayi wa HIV pa zoyamwitsa, poti malangizo ake asintha kangapo.

Koma timamuphunzitsa bwanji? Workshop ku Salima kapena ku Mangochi, sabata yathunthu, nkhope zomwezomwezo. Opita ndi a ku ofesi, ndipo akapita wa pa health centre, amayi a sikelo amapeza chitseko chotseka. Ndalama zathera mafuta, chambo ndi ma alawansi.

Ndikudziwa ena muyankha kuti netiweki kulibe, ESCOM yazimitsa, bandulo ndi yodula. Zoona. Komatu alawansi ya usiku umodzi igula bandulo yokwanira, ndipo phunziro lalifupi munthu atha kulitsitsa pa foni ali pa boma nkukaliwerenga kumudzi. Chachikulu bandulo isachokere m'thumba mwake. Ena munena kuti alawansi ndi imene ikudyetsa ana a ogwira ntchito za chipatala. Zimenezonso sindikukana, koma mankhwala ake nkukweza malipiro, osati kubisa malipiro m'dzina la maphunziro. Ndipo chiponde chikasowa ku pharmacy, foni siyamwitsa mwana, eti.

Mu November 2005 a Bingu wa Mutharika ndi a Jack McConnell anasaina mgwirizano wa Malawi ndi Scotland, zaumoyo zili momwemo. A Unduna wa Zaumoyo ndi a Medical Council of Malawi, pemphani ku Edinburgh thandizo lokonzera maphunziro amenewa, olembedwa ndi a KUHeS molingana ndi zakudya zathu, ndipo womaliza apatsidwe mapointi a layisensi yake. A komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, funsani ndalama zimene ma workshop a zakudya anadya chaka chatha, mutiuze.