Za Phulusa Losazima

Abale, mkazi wanzeru adziwa kumene adzataya phulusa asanakoleze moto. Koma maiko a anthu ophunzira anakoleza moto wa atomu asanakonze dzala lace, ndipo ife a Malawi tiri nao mbali pa mlandu uwu, pakuti nkhuni zina za motowo zikumbidwa kwathu kuno.

Ku Kayelekera, m'boma la Karonga, kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa yureniyamu m'caka ca 2009. Mtengo wace utagwa pambuyo pa tsoka la ku Fukushima la 2011, nchito inaima mu 2014. Mu 2020 mgodiwo unagulidwa ndi Lotus Resources, ndipo mu 2025 unatsegulidwanso. Boma lathu liri nao magawo 15 mwa 100.

Alipo ena amene anena, "Magetsi athu acokera ku Nkula ndi ku Tedzani, zinyalala za atomu nza eni ace kutsidya la nyanja." Mau awa tiwakana. Taonani: mwala ukaperedwa ndi kusungunulidwa ndi asidi, ufa wa malonda upita kunja, koma matope ace atsala m'damu pamgodi pomwepo. M'matopemo muli radium, imene itaya theka lokha la ukali wace patapita zaka 1,600. Madzi a dera lija atsikira mu Sere, Sere athira mu North Rukuru, Rukuru m'Nyanja, Nyanja mu Shire; ndipo pa Walker's Ferry ndi pamene apopa madzi amene timwa kuno ku Soche ndi ku Limbe. Sitinena kuti madzi athu aipa lero, iai. Tinena kuti wa ku Karonga ndi wa ku Blantyre amwa mtsinje umodzi.

Nanga eni ace a motowo acita bwanji? Ndodo za yureniyamu zikatha nchito m'ng'anjo, zituruka zotentha ndi zakupha. Aziviika m'madzi zaka zingapo, nazitsekera m'migolo ya citsulo ndi simenti. Ku Koeberg, pafupi ndi Cape Town, ng'anjo inayaka mu 1984, ndipo ndodo zace zikali pomwepo. Amereka anasankha phiri la Yucca mu 1987, koma anthu a ku Nevada anakana, ndipo nchitoyo inaima. A ku Finland akumba dzenje la Onkalo m'thanthwe, lakuya kuposa mamita 400, loti lisunge ndodozo zaka 100,000. Ngati olemera acita mantha otere ndi phulusa lao, kodi ife osauka tigone tulo?

Sititsutsa nchito ya ana athu, kapena msonkho wolowa m'thumba la dziko. Koma walira mvula walira matope. Mgodi ukhala zaka zowerengeka. Kampani igulitsa nicoka, monga taona kale. Damu litsala ndi adzukulu athu.

Cifukwa cace tipempha zitatu. Coyamba, bungwe loyang'anira za atomu, lobadwa ndi lamulo la 2011, liziyesa madzi a Sere ndi Rukuru, ndi kulengeza zotuluka m'zinenero za anthu, kuti mfumu ndi msodzi amve okha. Caciwiri, ndalama za cikole zotsekera damu zikhale zokwanira ndi zodziwika kwa onse mgodi ukali kupindula. Cacitatu, aphungu athu afunsidwe pa msonkhano uli wonse: adzalonda damu lija ndani kampani itapita?

Inu owerenga, funsani funso ili osatopa, kufikira atakuyankhani ndi dzina ndi ciwerengero.