Khoswe wa pamkhate adapulumuka, mwini nyumba nagona panja

Pali mawu amene anthu olemera amawakumbukira pokhapokha boma likafuna kuthandiza osauka. Mawuwo ndi akuti chilungamo. Ndalama zikamapita kwa mabwana a mabanki onse amangoti zii, koma zikangoloza kwa munthu wamba amadzuka nkuyamba kufunsa ngati nkoyenera kuti msonkho wawo ulipire ngongole ya wina. Amene akufuna kuona chinyengo chimenechi poyera ayang'ane zomwe zidachitika ku America m'zaka za 2008 ndi 2009.

Kumeneko anthu ambiri amagula nyumba pa ngongole yobweza zaka 30, ndipo nyumbayo ndiyo chikole. Ukalephera kulipira, banki imalanda nkugulitsa. Chisanafike chaka cha 2007 makampani obwereketsa ndalama ankamwaza ngongole zotere ngati chimanga cha nkhuku, nthawi zina osafuna nkomwe umboni wa malipiro a munthu. Chiwongoladzanja chinkakhala chochepa zaka ziwiri zoyamba, kenaka nkukwera. Eni ndalamawo sankaopa kanthu chifukwa ngongolezo ankazimanga m'mitolo nkuzigulitsa kwa ena. Phindu lidali lawo, tsoka lidali la wogula mtolowo. Zinthu zitatembenuka, mitengo ya nyumba m'mizinda ngati Las Vegas ndi Phoenix idatsika kupitirira theka. Munthu ankapezeka ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba yake, kwinaku ntchito yatha.

Tsono taonani amene boma lidathamangira kukamudzutsa. Banki ya Lehman Brothers idagwa pa 15 Sepitembala 2008, ndipo mwezi wotsatira nyumba ya malamulo idavomereza $700 biliyoni yopulumutsira mabanki, pansi pa Pulezidenti George W. Bush. Kampani ya inshuwalansi ya AIG idalonjezedwa pafupifupi $180 biliyoni, ndipo mu Malichi 2009 idagawa $165 miliyoni ngati mabonasi kwa antchito a nthambi yomweyo imene idaigwetsa m'dzenje. Akuluakulu adanena kale kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Boma lidaopa kuswa mkhate, khoswe nanenepa.

Pa 18 Febuluwale 2009 Pulezidenti Barack Obama adalengeza $75 biliyoni yothandizira mabanja 3 kapena 4 miliyoni kuti asalandidwe nyumba. Mmawa mwake mtolankhani wa CNBC, Rick Santelli, ataima pakati pa amalonda a pamsika wa ndalama ku Chicago, adakalipa pa wailesi ya kanema. Adatcha eni nyumba ovutikawo kuti ndi olephera, nafunsa amalondawo kuti ndani mwa iwo akufuna kulipirira mnzake nyumba yomwe sangaikwanitse. Amalondawo adakuwa momuvomereza, ndipo ukali umenewo ndiwo udathandiza kubala gulu la ndale la Tea Party.

Funso la bamboyu tisalithawe, chifukwa lili ndi mano. Pali mayi amene adakhala pa lendi zaka khumi, kusunga ndalama pang'onopang'ono, kukana ngongole yomwe adaona kuti siyamsinkhu wake. Pali bambo amene adadzimana, nalipira ngongole yake mwezi ndi mwezi. Kodi nchilungamo kuti anthu awiriwa alipirire amene adagula nyumba yaikulu mosaganiza? Ndipo nzoona kuti ena adanama polemba mafomu, ena nagula nyumba zitatu kapena zinayi kuti adzagulitse mokwera.

Komatu ngongole imakhala ya anthu awiri. Wina ndi dalaivala kapena namwino amene amasaina chikalata chotere kamodzi kapena kawiri moyo wake wonse. Wina ndi banki yokhala ndi maloya ndi akatswiri owerengera ndalama, imene ntchito yake yeniyeni ndi kudziwa amene angabweze ndi amene sangabweze. Onse awiri akalakwitsa, nchifukwa ninji chilango chonse chigwere wosadziwayo? Komanso ambiri adakankhiridwa dala m'ngongole zoipa. Mu 2011 Bank of America idavomera kulipira $335 miliyoni pa mlandu woti kampani yake ya Countrywide inkalipiritsa anthu akuda ndi olankhula Chisipanishi ndalama zambiri kuposa azungu ofanana nawo. Mu 2012 Wells Fargo idavomera $175 miliyoni pa mlandu wonga womwewo. Awa ndiwo olephera a Santelli?

Ngakhale bambo wolipira mokhulupirika uja sapindula kanthu mnzake akathamangitsidwa. Nyumba zolandidwa zimagulitsidwa motchipa, zina zimangokhala mabwinja, ndipo mtengo wa nyumba zonse za mumsewuwo umatsika, yakenso yomwe. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Ena amati mabanki adabweza ndalama za boma ndi phindu lomwe. Nzoona. Koma ndani adati osauka sabweza? Mu 1933 boma la Franklin Roosevelt lidakhazikitsa bungwe la Home Owners' Loan Corporation, lomwe lidagula ngongole za mabanja pafupifupi 1 miliyoni nkuwapatsa nthawi yaitali yobwezera. Pomwe linkatseka mabuku ake mu 1951 lidali litabweza ndalama za boma, kaphindu kakang'ono nkutsalako. Munthu wamba akapatsidwa mpata wopuma amabweza, monga momwe banki idabwezera itapatsidwa mpata womwewo.

Chosalungama chenicheni chidali m'kayendetsedwe ka thandizolo. Ndondomeko ya Obama, yotchedwa HAMP, inkafuna kuti munthu asamalipire koposa 31 peresenti ya malipiro ake a pamwezi. Koma boma lidasiya ntchito yosankha othandizidwa m'manja mwa makampani otolera ngongole, omwe ena ankapeza phindu polanda nyumba. Uku kudali kusungitsa mbuzi kwa fisi. Zikalata za anthu zinkangosowa m'maofesi, ena nkulandidwa nyumba akudikira yankho. Mu 2010 zidaululika kuti antchito a mabanki ankasaina zikalata zolandira nyumba mazanamazana pa tsiku osaziwerenga. Pomwe HAMP inkatsekedwa mu 2016, mabanja ochepetseredwa ngongole mokhazikika sadafike 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo adagwanso.

Njira yolungama idalipo, yosafuna msonkho wa mayi wa pa lendi uja. Lamulo la ku America limalola woweruza milandu kuchepetsa ngongole ya boti kapena nyumba yatchuthi ya munthu amene chuma chamuthera, koma osati ngongole ya nyumba imene amagonamo ndi ana ake. Aphungu ena adafuna kusintha zimenezi kuti banki imene idabwereketsa mosasamala isenze gawo lake la katunduyo. Mabanki, ali ndi ndalama za msonkho m'thumba, adalimbana nalo ganizolo, ndipo mu Epulo 2009 nyumba ya Senate idalikana.

Choncho abale, wina akadzakuuzani kuti kuthandiza wolephera kulipira nyumba nkulimbikitsa ulesi, mufunseni kumene adali tsiku limene mabanki ankalandira $700 biliyoni. Ngati adali chete tsiku limenelo, akhalenso chete lero.