Tikufuna kuona malisiti a ndalama za sukulu

Atsikana anzanga, lero tikambe za ndalama za sukulu ya pulayimale ili m'dera mwanuyo, kumene mng'ono wanu kapena mwana wanu amakhala pansi mothinana ndi anzake.

Sukulu ya pulayimale iliyonse ya boma imayenera kulandira ndalama chaka ndi chaka. Ndalamazi amazitcha SIG. Zimadutsira ku khonsolo, ku ofesi ya a DEM, kenako n'kulowa mu akaunti ya sukulu kubanki. Kagawidwe kake kanalembedwa kale: magawo 50 pa 100 ndi okweza kaphunzitsidwe, 40 ndi othandiza kuti mwana aliyense, kuphatikizapo amasiye, atsikana ndi ana olumala, afike pasukulu n'kukhalabe pompo, 10 otsalawo ndi oyendetsera sukulu. Asanagule ngakhale tsache, sukulu imayenera kukhala pansi ndi makolo n'kupanga pulani ya chaka.

Ndiye tandiuzani. Ndani mwa ife anaionapo pulani imeneyo? Ndani akudziwa kuti chaka chino sukulu ya kwawo yalandira zingati, ndipo zalowa tsiku liti?

Chomwe chimandinyansa n'chakuti ntchito yonse yolemetsa pasukulu amagwira ndi amayi. Kutunga madzi ndi kututa mchenga pomanga buloko, amayi. Kulawirira kukaphika phala kumene kuli pulogalamu ya phala, amayi. Kuyenda khomo ndi khomo kulondola mtsikana amene wasiya sukulu, Mother Group. Ndalama za chitukuko zomwe makolo akhala akusonkha, nthawi zambiri zimachoka pa mpango wa mayi wogulitsa mandasi. Koma nkhani ikafika pa cheke, amayi omwewo amauzidwa kuti za maakaunti n'zovuta. Ena amasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti, koma ntchito yawo n'kusayina basi, buku la ndalama osaligwira n'komwe. Eti ndiye kuti amayi ali m'komiti!

Ndalama ikasowa, woyamba kuvutika ndi mtsikana. Mnyamata chimbudzi chikakhala chopanda chitseko amapita kuseri kwa buloko, nkhani yatha. Mtsikana wa Sitandade 7 amene ali kumwezi, pasukulu popanda madzi, sopo ndi chipinda chosinthira, amangokhala pakhomo mpaka atamaliza. Mwezi wamawa chimodzimodzi. Ikafika nthawi ya mayeso a Sitandade 8, malo ku sekondale ali ochepa kale, anthu amati ana aakazi alibe chidwi ndi sukulu. Chidwi chake chiti pomwe ndalama ya chitseko sinaoneke?

Ndikudziwa ena anena kuti ndalama za SIG n'zochepa ndipo zimabwera mochedwa. Ndi zoona, ndipo ahedi ambiri akuyendetsa sukulu movutikira. Koma chimenecho ndiye chifukwa chomatira pepala pabolodi. Ahedi oona mtima pepalalo limawateteza, chifukwa makolo amaona okha kuti teremu yonse yatha ndalama isanalowe. Tikatero timadziwa kuti funso lathu lipite kwa a PEA ku TDC, kwa a DEM, kapena kwa khansala wathu amene amakhala nawo pa zokambirana za bajeti ya khonsolo. Amene amadana ndi pepala pabolodi ndi amene akudziwa chomwe chikusowa.

Komanso osalola kuti munthu akuopsezeni kuti ndinu ndani kuti mufunse. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, koma amalipiridwa ndi msonkho wathu, womwe timadula ngakhale pogula ma units. Mu 1998 dziko lino linavomereza kuti mphamvu zipite ku makhonsolo, cholinga chake anthu azitha kuona ndalama zawo pafupi. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo limapatsa Mmalawi aliyense ufulu wopempha zikalata ku ofesi ya boma. Ofesiyo imayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe limayang'anira lamuloli. Cashgate ya 2013 inatiphunzitsa zomwe zimachitika ku ndalama za boma eni ake akakhala kuti sakuona mapepala.

Zomwe tikufuna n'zosavuta. Sukulu iliyonse imate pabolodi, mu Chichewa kapena chiyankhulo cha deralo, ndalama zomwe yalandira, tsiku lomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa. Ndalama iliyonse yomwe kholo lapereka ikhale ndi lisiti. Ofesi ya a DEM imate mndandanda wa masukulu onse ndi ndalama zomwe iliyonse yatumiziridwa. A Mother Group akhalepo popanga pulani ndiponso powerenga malisiti, asamangoitanidwa kudzavina pakabwera alendo.

Ife ndiye tichite mbali yathu. Ambiri mwa ife tinaphunzira ku masukulu omwewa, ndipo lero timatha kuwerenga statement ya kubanki. Amayi athu akhala akupita okha ku misonkhano ya PTA zaka zonsezi, ife tili pa foni. Msonkhano ukubwerawu apelekezeni. Pitani awiri kapena atatu, tengani kope ndi cholembera, ndipo funsani mwaulemu mafunso atatu: SIG yalowa zingati? Yagula chiyani? Malisiti ali kuti? Akakuzembani, lembani kalata, sungani kope lake, lembani tsiku lomwe mwaipereka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mukapita, bwerani mudzatiuze zomwe mwapeza. Osatchula maina a anthu, osanamizira munthu. Ingotiuzani ngati pabolodi pali pepala kapena palibe.