Musayambe ndi Penti, Yambani ndi Mphira Zonyamula Injini



Ambiri mwa inu muli ndi pikapu yakale pakhomo, kapena mwagula ina imene inakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango, ndipo mukufuna kuidzutsa kuti izinyamula feteleza ndi mabelo a fodya. Ameneŵa ndi maganizo abwino. Datsun 1200, Peugeot 404 ndi Toyota Hilux zakale zija ndi magalimoto olimba, osavuta kukonza, ndipo amakaniko a m'maboma athu amaŵadziŵa bwino. Koma taona kuti alimi ambiri akapeza ndalama amathamangira kupopera penti, kusoketsa mipando ndi kugula wailesi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ife tikuti yambani ndi zinthu zosaoneka, ndipo pakati pa zosaonekazo musaiŵale mphira zonyamula injini, zimene amakaniko amazitcha mawuntingi.

Ntchito ya mphira zimenezi

Injini siimangidwa pa chasisi chitsulo ndi chitsulo. Imakhala pa mphira zochindikala zimene zinamatidwa pakati pa zitsulo ziŵiri. Pa mapikapu ambiri akale mphirazi zimakhala zitatu: ina kumanzere kwa injini, ina kumanja, ndipo yachitatu ili kumbuyo, pansi pa giyabokosi, pa chitsulo chopingasa. Ntchito yake ndi ya mitundu itatu. Zimasenza kulemera kwa injini ndi giyabokosi, zimameza kunjenjemera kuti kusafike ku thupi la galimoto, ndiponso zimagwira injini kuti isapotoke pamene ikukoka.

Ntchito yachitatuyi ndiyo ikukhudzani inu koposa. Injini ikamazunguza mateyala kupita kutsogolo, iyo mwini imafuna kutembenuzikira mbali ina, kotero kuti pa mapikapu ambiri aŵa mbali ya kumanzere imanyamuka ndipo ya kumanja imatsinjika. Mabelo sakhala pa mphirazi ayi, amakhala pa masipuling'i. Koma katundu akachuluka, injini imakoka ndi mphamvu zake zonse, makamaka pa chitunda m'giya yoyamba, ndipo mphira ya kumanzere imakokedwa ngati chingwe cha ngolo. Belo limodzi la fodya limalemera makilogalamu pafupifupi 100, pamene pikapu yaing'ono ngati Datsun 1200 inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi theka la tani. Ŵerengani nokha mabelo amene mumaikweza.

Kodi nkhaniyi ndi yaing'ono?

Ena adzati, "Kamphira kokha kangaphe munthu?" Mverani izi. M'chaka cha 1971 kampani ya General Motors ku America inaitanitsa magalimoto a Chevrolet oposa 6 miliyoni chifukwa cha mphira zonyamula injini. Mphira ya kumanzere ikaduka, injini inkanyamuka n'kukoka chitsulo chopita ku kabuleta, ndipo galimoto inkawonjezera moto yokha dalaivala asanaponde. Ngati izi zinachitika pa misewu ya tala, nanga bwanji pa misewu yathu ya fumbi, ya mabampu ndi maenje?

Mphira ikatha, mavuto amabwera motsatana. Fani imagunda ledieta n'kuiboola. Mapaipi a madzi amakokedwa mpaka kung'ambika, madzi n'kutayika, injini n'kutentha. Paipi ya ekizozi imasweka pafupi ndi injini. Kilachi imanjenjemera ponyamuka. Taganizani zimenezi zikuchitikireni usiku pa ulendo wopita ku msika wa Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, mabelo ali pamwamba, mitambo ikusonkhana. Fodya amene mwamuvutikira kuyambira ku nazale mpaka ku chigafa akanyowa amachita nkhungu, ndipo fodya wankhungu amabwezedwa pa okushoni. Pamenepo mtengo wa kamphira kaja mwaulipira kambirimbiri.

Kudziŵa mphira yotha

Simusoŵa makina kuti mudziŵe. Tsegulani boneti, unikani ndi tochi. Mphira yong'aluka, yophwanyika pansi, yolekana ndi chitsulo chake, kapena yofeŵa ngati phala, yatha ntchito. Mukamva kugunda kwakukulu ponyamuka kapena posintha giya, kapena mukaona ndodo ya giya ikuseŵera kwambiri pamene muponda moto, kayang'aneni mphira.

Kuyesa kwina n'kotere. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ikani miyala ku mateyala. Mnzanu aloŵe, alize injini, aike giya yoyamba, aponde buleki, ndipo asiye kilachi pang'ono chabe. Inu muime pambali pa galimoto, osati kutsogolo kwake. Kusuntha pang'ono kwa injini n'koyenera, koma ikanyamuka mbali imodzi n'kugweranso ndi phokoso, mphira yaduka. Bwerezani m'giya yobwerera m'mbuyo kuti muyese mbali inayo.

Kusankha yoyenera

Apa ndi pamene ambiri amalakwa pofuna kupulumutsa ndalama. Tikudziŵa kuti msika usanatsegulidwe m'thumba mumakhala mopepuka, ndipo ngongole ya feteleza imakhala ikudikira. Tikudziŵanso kuti chidutswa cha teyala lakale, thabwa ndi waya zinafikitsapo anthu kwawo. Ngati mwafera m'tchire, chitani zimenezo kuti mufike. Koma chofikira kunyumba si chokhalira nacho. Chidutswa cha teyala chimasenza injini pamene ikutsinja, koma sichingaigwire pamene ikunyamuka, chifukwa sichinamatidwe ku chitsulo. Ndipo bawuti imene muboola nayo kuti igwire mbali zonse ziŵiri imapititsa kunjenjemera konse ku chasisi.

Choipa koposa ndi kuwotcherera injini ku chasisi ndi chitsulo chokhachokha. Opanga magalimoto anasiya njira yomanga injini mouma kalekale; kampani ya Chrysler inatchuka m'chaka cha 1931 chifukwa chokhazika injini ya Plymouth pa mphira. Popanda mphira, kunjenjemera kumamasula mabawuti, kumang'amba ledieta ndi kuthyola zitsulo zogwira injini. Ziliponso zina zopangidwa ndi pulasitiki wolimba wotchedwa polyurethane. Zimenezi siziopa oilo ndipo zimakhalitsa, koma n'zouma, ndipo galimoto yakale ya thupi lotopa imagwedezeka nazo kwambiri. Pa ntchito ya kumunda, mphira yeniyeni yofanana ndi imene opanga anaikamo ndiyo yabwino.

Popita kukagula, tengani mphira yakale m'manja, ndipo mulembe nambala ya injini. Mapikapu ambiri akale anasinthidwa injini, ena anaikidwa ya dizilo m'malo mwa ya petulo. Injini ya dizilo ndi yolemera ndipo imagunda kwambiri, choncho mphira zake n'zosiyana. Yerekezani msinkhu, mabowo ndi ulusi wa bawuti. Mphira yaifupi imatsitsa injini, fani n'kuyamba kukhula. Yaitali imapotoza mzere wa giyabokosi. Injini ya Peugeot 404 inagonekedwa chopendekera kumanja, kotero musangoganiza kuti mphira ya galimoto ina iloŵa. Eni ake a Datsun 1200 ali ndi mwaŵi, popeza mbale wake, Nissan 1400, anapitirira kupangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndipo zipangizo zambiri n'zofanana. Komabe funsani makaniko wodziŵa, pakuti safunsa anadya phula.

Chenjeraninso ndi mphira imene yakhala m'sitolo zaka zambiri, ndi ya m'magalimoto ophwasulidwa. Mphira imakalamba ngakhale isanagwire ntchito. Itsineni ndi chikhadabo: ikakhala youma ngati mwala kapena ya ming'alu ing'onoing'ono, isiyeni. Ndipo gulani ziŵiri nthaŵi imodzi. Imodzi ikatha, inzake yasenza katundu wa ziŵiri ndipo ili pafupi kutha. Ya ku giyabokosi nayonso muione tsiku lomwelo.

Kaikidwe kake

Musanaike zatsopano, tsekani pamene oilo kapena dizilo akudontha. Mafuta amafeŵetsa mphira, ndipo yatsopano yonyowa ndi oilo siichedwa kuola.

Gwirani ntchitoyi pamalo olimba ndi osatsetsereka, injini itazizira, mateyala atatsekedwa ndi miyala. Chotsani waya wa batire. Ikani jeke pansi pa sampu, koma pakati pake pakhale thabwa lochindikala ndi lotambalala, chifukwa sampu ndi lata chabe ndipo jeke yokha ingaliphwanye. Masulani manati a mbali imodzi, kwezani injini pang'onopang'ono, masentimita ochepa okha, maso ali pa fani, mapaipi ndi mawaya. Tsamiritsani injini pa mtanda wolimba musanaloŵetse dzanja. Jeke ndi yokwezera, si yodalira. Ikaphonya, zala zanu zapita, ndipo mlimi wopanda zala sangatchole fodya.

Malizani mbali imodzi musanayambe ina. Yang'anani zitsulo zogwira mphira ngati zili ndi ming'alu kapena dzimbiri lozama, ndipo mabawuti otha ulusi muŵataye. Mangani manati mosalimbitsa poyamba, tsitsani injini kuti ikhale yokha pamalo pake, ndipo pambuyo pake limbitsani onse. Mukalimbitsa injini ili m'mwamba, mphira imakhala yopotoka ndipo imang'ambika msanga.

Musaiŵale waya wonenepa wochokera ku injini kupita ku chasisi. Mphira siidutsa magetsi, choncho moto wa sitata umabwerera kudzera pa waya ameneyu. Akasiyidwa womasuka, motowo umafuna njira ina, ndipo ungawotche kachingwe ka choki kapena ka chopondera moto. Mukabwera ku ulendo woyamba, yesaninso manati onse ndi sipanala.

Kwa inu opanda galimoto

Nkhaniyi ikukhudzanso inu a m'makalabu ndi a m'maesiteti amene mumachita hayala galimoto ya munthu wina. Fodya ali pamwambayo ndi thukuta lanu la chaka chathunthu. Si mwano kupempha mwini galimoto kuti atsegule boneti musanakweze mabelo. Mukaona injini yomangidwa ndi waya kapena yokhala pa thabwa, funani galimoto ina. Ndipo inu madalaivala a pa esiteti, mukamva kugunda uzani kapitawo tsiku lomwelo, musadikire kuti galimoto ife.

Msika wa fodya kaŵirikaŵiri umatsegulidwa cha mu Epulo. Ntchito imeneyi ichitike mu Febuluwale kapena Malichi, pamene fodya akuuma m'zigafa, osati m'maŵa wa tsiku lonyamuka. Penti ingadikire mpaka mutagulitsa. Tiyeni tisamale magalimoto athu monga tisamalira minda yathu, kuti zokolola zifike ku msika zili bwino, ndipo ife tibwerere kwathu amoyo.