Ku Livingstone tinkapanga Fiat, ndani wajambula zimenezo?

Cikomyunizimu citagwa, a ku Budapest anasonkhanitsa ziboliboli za Lenin ndi anzake ku Memento Park mu 1993, kuti ana aziona zimene makolo ao anapitamo. Kwathu kuno Humanism ya Kaunda inatha mu 1991. A Lenin a mkuwa sinatisiyire ai, inatisiyira mafakitale amene anatsekedwa pambuyo pake. M'tauni muno, ku Livingstone Motor Assemblers, anthu anali kupanga magalimoto a Fiat. Ngati mukutsutsa, funsani amalume anu ku Maramba kapena ku Dambwa.

Manje pitani ku Mukuni Park mukaone. Mvuu, njovu, mvuu inanso. David Livingstone ali ndi ciboliboli pa Mosi-oa-Tunya. Ngakhale Emil Holub, mzungu wa ku Czech, ali naco pa myuziyamu. Nanga wanchito wa ku Fiat? Ngakhale khoma limodzi alibe.

Osema mvuu sindikuwanyoza, mwana sadya mbiri. Ndikunena inu ojambula acinyamata, amene mumangopentera maso a mlendo wa madola. Madala amene anamanga magalimoto aja akukalamba, ndipo malaya ao a kunchito akudyedwa ndi njenjete m'masutukesi. Kagogodeni pakhomo pao akali moyo.