Nyama zakutchire zisadye tirigu wothirira

Ku America alenje amalima timinda ta tirigu m'mphepete mwa nkhalango dzinja lawo lozizira likamayandikira, kuti agwape apeze chobiriwira msipu ukatha. Kuno nako tili ndi nyama za mumpanda: mafamu oweta nyama zakutchire kumbali ya Chisamba, ndi Lusaka National Park imene inatsegulidwa mu 2015. Mbidzi kapena nchefu yotsekeredwa singasamuke kukafuna msipu, choncho amene anaimangira mpanda ayenera kuidyetsa m'chilimwe. Koma kuilimira tirigu kungakhale kulakwa, ndipo ife a m'komboni ya Ng'ombe mu Lusaka nkhaniyi ikutikhudza.

Vuto lagona pa madzi. Tirigu wa ku America uja amakula ndi mvula ndi chinyezi cha nyengo yozizira. Wa ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka amabzalidwa cha mu Meyi n'kukololedwa cha mu Seputembala kapena Okutobala, miyezi imene kumwamba kuli gwa. Dontho lililonse limachita kupopedwa m'madamu, m'mitsinje ndi pansi panthaka, kawirikawiri ndi magetsi a ZESCO. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi yadziko, chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitapserera. Madzi a m'damu lamagetsi la Kariba anatsika kwambiri, malaiti m'makomboni n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. M'dziko lotere, mmene amayi amafola ndi zigubu pampopi kusanache, tirigu wothiriridwa ayenera kukathera kuchigayo ndi kukhala buledi wa ana.

Ena anena kuti famu ndi ya mwini, ndalama ndi zake. Zoona, koma madzi a pansi panthaka sadziwa malire a famu. Wina akapopa kwambiri, chitsime cha mnzake chimaphwa. Enanso anena kuti nyama zonenepa zimakopa alendo ndi kupereka nyama yogulitsidwa mwalamulo, zimene zimachepetsa msika wa opha nyama mozembera. Apa ndikuvomereza, koma nyama zathu zili ndi chakudya chawo cha m'chilimwe. Mtengo wa msangu umaphuka masamba nthawi youma ndi kugwetsa zipatso zake pamene udzu watha. Ku Lower Zambezi ndi ku South Luangwa njovu ndi mbawala zimasonkhana pansi pake. Bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likulimbikitsa alimi kuubzala chifukwa umabwezeranso chonde m'nthaka. Udzu womweta mvula ikatha n'kuusunga, madambo osalimidwa, ndi malambule otchinga moto wolusa zimasunga msipu popanda pampu. Msangu umachedwa kukula, inde, n'chifukwa chake uyenera kubzalidwa mvula ikubwerayi, udzu wosunga ukugwirizira pakali pano. Ndipo famu imene nyama zake sizingafike Novembala popanda kuthirira yaweta zochuluka kuposa malo ake.

A Department of National Parks and Wildlife, amene lamulo la nyama zakutchire la 2015 linawapatsa udindo wopereka zilolezo, azifunsa mwini famu aliyense chimene nyama zake zidzadye mu Okutobala ndi kumene madzi ake adzachokere. Nafenso m'komboni tileke kugula nyama yowamba ya m'masaka yopanda chilolezo, pakuti tikamaigula tikulipira otchera misampha ndi otentha tchire limene likanadyetsa nyamazo.